Diso likachita chidima mwadzidzidzi, tisathamangire magalasi

A Mkonzi,

Ndikupempha malo kuti ndichenjeze owerenga za multiple sclerosis, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira chikuta cha mitsempha ya ubongo ndi msana. Kwathu kuno ndi osowa, motero n'zosavuta kuwaphonya.

Kwa ena, makamaka amayi a zaka 20 mpaka 40, vuto limayambira m'diso: mtsempha wopita ku ubongo umatupa, diso limodzi limachita chidima m'masiku ochepa, limapweteka poliyendetsa, ndipo chitenje chofiira chimaoneka ngati chasuluka. Ngakhale kuona kubwerere, timitsempha ta pa retina, kumbuyo kwa diso, timapyapyala, ndipo makina ojambula m'kati mwa diso otchedwa OCT amaonetsa zimenezi. Magalasi ogula pamsika sangathandize munthu wotere, apite msanga kwa dokotala wa maso.

Wowerenga wanu,
Zomba