Tikumane Loweruka: malamulo a pakati pa mayiko

Anzanga ophunzira zamalamulo amene muli patchuthi kuno ku Kasungu, Loweruka lino tikumana paboma, malo athu aja, 2 koloko masana.

Tidzalimbana ndi funso lomwe limatizunguza mutu ku Zomba: poti mayiko alibe mfumu imodzi yowalamulira, n'chiyani chimawachititsa kumvera malamulo a pakati pawo? Muwerengeretu ndime 38 ya lamulo lokhazikitsa khoti loweruza milandu ya pakati pa mayiko (ICJ) la ku The Hague, yotchula mapangano ndi chizolowezi cha mayiko ngati magwero a malamulowa. Chitsanzo sitikachitenga kutali ayi: mkangano wa nyanja ndi Tanzania, pomwe Malawi amatsamira pangano la Heligoland la 1890 la Britain ndi Germany.

Amene munabwereka manotsi anga a pangano la Vienna la 1969 lofotokoza malamulo a mapangano a mayiko, chonde mubwere nawo, olo atathimbirira.