Tisamachedwe kusoka zigamba m'mapulogalamu otsegulira zikalata

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani yomwe ambiri a ife timaipeputsa, ya mapulogalamu otsegulira zikalata pa kompyuta ndi pa foni, monga Adobe Acrobat Reader ndi Microsoft Word. Ndimagwira ntchito pamalo otaipira ndi kusindikiza makalata, ndipo tsiku lililonse anthu amandipatsa mafulashi awo kapena kunditumizira pa WhatsApp mafomu ofunsira ntchito, ziphaso za sukulu ndi makalata a kubanki kuti ndiwasindikizire. Chomwe ndazindikira ndi chakuti pafupifupi aliyense amakhulupirira kuti PDF ndi chithunzi chabe cha pepala, choti sichingavulaze munthu.

Maganizo amenewa ndi olakwika. PDF, yomwe kampani ya Adobe inayambitsa mu 1993, imatha kunyamula zithunzi zofinyidwa, mitundu ya zilembo, mafomu, ngakhalenso malangizo a JavaScript omwe pulogalamu yowerengera imawatsatira. Pulogalamuyo imayenera kumasula katundu yenseyu isanakuonetseni tsamba, ndipo ngati omwe anailemba analakwitsa penapake, mbava ikhoza kukonza chikalata mwadala kuti chidutsire pa mng'alu umenewo n'kuyamba kulamula kompyuta yanu. Inu mumangoona kalata yooneka bwino ya mwayi wa ntchito, pamene kuseri ena akukopera mapasiwedi anu.

Izi si nkhambakamwa. Mu Febuluwale 2009, Adobe inavomereza kuti akuba a pa intaneti anali akugwiritsa kale ntchito cholakwika cha m'gawo lomasulira zithunzi za mtundu wa JBIG2, ndipo chigamba, chomwe ndi kapulogalamu kokonza cholakwika chotere, chinatuluka mwezi wotsatira. Mu 2021, akatswiri a Citizen Lab ku yunivesite ya Toronto anapeza pa foni ya womenyera ufulu wina wa ku Saudi Arabia kuti pulogalamu yozondera anthu ya Pegasus inalowa kudzera mu PDF yodzionetsa ngati kachithunzi, yotumizidwa pa iMessage, njira yotumizirana mauthenga pa mafoni a kampani ya Apple, mwini foniyo asanadine kalikonse. Kampani ya Apple inatseka mpatawo pa 13 Sepitembala chaka chomwecho.

Komabe nkhani yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya kagawo ka Microsoft Office kolembera masamu kotchedwa Equation Editor. Cholakwika chake chinakhala mobisika kwa zaka pafupifupi 17 mpaka pamene chinakonzedwa mu Novembala 2017, koma patapita zaka zingapo mbava zinali kuthyolabe makompyuta kudzera pa mpata womwewo, chifukwa eni ake sanalandire chigambacho. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kampani ikatulutsa chigamba, akuba nawonso amachisanthula, n'kuyerekeza pulogalamu yakale ndi yatsopano kuti adziwe pomwe panali bowo. Choncho tsiku lomwe chigamba chatuluka ndi lomwe munthu wochedwa kuchilandira amakhala pangozi yaikulu kuposa kale, pakuti njira yolowera m'khola lake yadziwika kwa afisi onse.

Ndikuvomereza kuti nanenso ndinali m'gulu la ozengereza. Kauthenga kopempha kuti ndilandire zatsopano kakatulukira pakona pa sikirini, ndinkakatseka msangamsanga poopa kuti bandulo yanga ya mlungu wonse ithera pamenepo, chonsecho pali mzere wa makasitomala akudikira. Ndinasintha tsiku lina pamene mayi wina anabwera ndi chikalata chomwe anati chachokera kwa owalonjeza ntchito kunja. Nditachitsegula, kompyuta inauma kwa kanthawi, ndipo pofika madzulo mafulashi atatu a anthu ena omwe ndinalowetsamo anali ataipitsidwa. Ndinataya masiku awiri a ntchito komanso ndalama zolipira wokonza, zomwe zinaposa mtengo wa bandulo yomwe ndinkaumirayo.

Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo Adobe nayonso kawirikawiri imatsatira tsiku lomwelo, kotero si chinthu chovuta kuti ofesi iliyonse isankhe munthu mmodzi woyendera makompyuta onse mlungu umenewo. Mu Acrobat Reader muli mwayi wothimitsa JavaScript, yomwe ambiri a ife sitiisowa powerenga kalata wamba, ndipo chitetezo cha Protected Mode, chomwe chinabwera mu 2010, chisamathimitsidwe. Vuto lalikulu lili pa makompyuta omwe akuyendabe pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, komanso pa mapulogalamu okoperana mwachinyengo, omwe eni ake amaopa kuwalumikiza ku intaneti kuti angagwidwe. Oterewa zigamba siziwafika n'komwe.

Pempho langa likupita kwa bungwe la MACRA, lomwe pansi pa lamulo la 2016 loona za chitetezo cha pa intaneti lili ndi nthambi yothana ndi ngozi za makompyuta: pakatuluka chigamba chotseka mpata womwe akuba akudutsirapo kale, chenjezo lizilengezedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala m'Chichewa chomveka, ndipo makampani a foni akambirane zochepetsa mtengo wa data yolandirira zigamba zoterezi.

Ine wowerenga wanu,
Wotaipa makalata, ku Zomba