Kusintha kwa nthawi yotengera anapiye nyengo yozizira ino

Okondedwa makasitomala athu nonse, a pa boma pano, a ku Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi Waliranji, tikukupatsani moni.

Tikudziwitseni kuti kuyambira pa 1 Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti anapiye sitiziperekanso 6 koloko mmawa ngati mmene munazolowerera, tizipereka kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko masana basi. Komanso tasiya kaye kutumiza anapiye pa njinga yamoto mmamawa ngakhale mutalipira transipoti nokha.

Chifukwa chake ndi kuzizira. Kuno ku Mchinji tili pamtunda, Juni ndi Julayi usiku kumatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10 makamaka mmadambo a mmbali mwa Bua momwe nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera, ndiye kuphatikizapo mphepo ya mwera ija yomauma nayo milomo. Pamene mwanapiye wa tsiku limodzi amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, nthenga alibe, thupi lake silitha kudzitenthetsa lokha, ndiye tangoganizani katoni yamangidwa kumbuyo kwa njinga mphepo ikulowa mmabowo onse aja ulendo wonse wa ku Mkanda, pofika anapiye aunjikana pakona ena apsinjika ndi anzawo, otsalawo amayamba kutsegula mmimba pakatha masiku awiri atatu. Ndalama zanu zimenezo, ndipo ife zimatiwawa kumva kuti munthu wataya theka la anapiye asanamalize ndi thumba limodzi la starter, chakudya choyambira anapiye.

Pobwera tengani kansalu kapena thumba lofunditsa katoni mbali yochokera mphepo, koma musatseke mabowo onse ayi. Khola likhale lotenthetsa kale musananyamuke kunyumba, mbaula iyatsidwiretu makala agwire bwino utsi uthe, pansi pakhale utuchi kapena makoko a mtedza ouma, madzi akumwa akhale ofunda pang'ono. Ndipo chonde musatseke khola lonse ndi mapepala apulasitiki, mpweya wa makala umapha anapiye ngakhale munthu amene. Siyani kampata kumwamba. Mukaona aunjikana pambaula akulira kwambiri ndiye kuti akuzizidwa, akathawira kumakoma kukamwa yasaa ndiye kuti moto wachuluka.

Tikudziwa kuti ena mumakonda kutenga mmawa kuti mukafike msanga kudimba kapena kumsika, pepani ndithu, amene simungakwanitse kufika 10 koloko tiuzeni pa WhatsApp tikusungirani mpaka 2 koloko kapena mutume munthu ndi risiti yanu. Mtengo sunasinthe, chakudya ndi katemera wa chitopa ndi gumboro tikugulitsabe nthawi zakale zomwe zija.

Kukayamba kufunda mu Seputembala tidzabwerera ku 6 koloko, chifukwa pofika Okutobala vuto limakhala dzuwa la masana.

Zikomo kwambiri,
Ife a pa shopu ya anapiye ndi chakudya cha nkhuku, Mchinji boma