Chilengezo kwa atolankhani a m'gulu lathu

Mamembala nonse, kuyambira lero nkhani iliyonse ya kugwiriridwa kapena yokhudza mwana wochitiridwa nkhanza iyambe yadutsa kwa mkonzi.

Kubisa dzina lokha sikukwanira. Mukatchula mudzi, sukulu ndi zaka za mwanayo, kenako n'kulemba dzina la woganiziridwa yemwe ndi bambo ake omupeza, dera lonse limuzindikira tsiku lomwelo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kuulula mwana amene nkhani yake ili kukhoti. Pachithunzi pasaoneke yunifolomu, nyumba kapena achibale. Kuphimba maso okha sikuthandiza. Pawailesi sinthani kamvekedwe ka mawu a mwanayo.

Munthu akaphedwa, dikirani abale amve kaye kwa apolisi, asadzidzimukire pa Facebook.

Kumapeto kwa nkhani lembani nambala yaulere yothandiza ana ya 116 ndi ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit kupolisi.