Mukafika ku Vienna, lowani mu Musikverein

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene amapeza mwayi wofika ku Vienna, m'dziko la Austria. Ambiri amangoima panja pa holo yotchuka ya zoimbaimba ya Musikverein, kudzijambula, basi n'kumapita, poganiza kuti m'katimo ndi mwa mabwana okhaokha. Ayi ndithu. Kumbuyo kwa holo yaikulu kuli malo oimirira, ndipo tikiti yake ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi ya pampando. Miyendo imatopa, sindikana, koma makutu amakhuta.

Nyumbayi inatsegulidwa mu 1870, ndipo ndi mmene gulu la Vienna Philharmonic limaimbira konsati ya Chaka Chatsopano pa 1 Januwale, ija imaonetsedwa pa TV m'mayiko ambiri. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti oimba sadalira zokuzira mawu. Holoyo ndi yaitali, yopapatiza ngati bokosi la nsapato, moti mawu amagunda makoma n'kubwerera kwa omvera. Vayolini imodzi ikamalira chapansipansi, ndinkaimva bwinobwino ndili kumapeto kwenikweni.

Asanayambe, woimba oboe (chida chouzira chofanana ndi chitoliro) amaliza liwu limodzi, ena onse n'kuchuna zida zawo motsatira iyeyo. Kaphokoso kameneko ine ndinakakonda, ngakhale ena amati n'chisokonezo chabe.

Koma dziwani kuti simfone, nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida, imakhala ndi zigawo, kawirikawiri zinayi, ndipo pakati pa zigawozo anthu saomba m'manja. Dikirani wotsogolera atsitse manja n'kutembenuka. Foni nayo zimitsani. Ya bambo wina amene anaima pafupi nane inalira nyimbo ili pachigawo chodekha, ndipo anthu anawayang'ana mpaka bambowo anatuluka okha.

Wokonda nyimbo