Kalata yopita ku eMalahleni: utsi wanu ndi utsi wathu

Nkhotakota, Seputembala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale kuswa mtengo. Mapu a setilaiti oonetsa mpweya woipa munanditumizira pa WhatsApp aja ndawaona, dera lanu la ku South Africa litafiira psuu. Mukufunsa kuti chinthu chouluka kutali choncho chingadziwe bwanji zotuluka m'machumuni, kapena ndi bodza longofuna kuopseza anthu. Si bodza ayi. Poti munandisankha ine mphunzitsi wa jogalafe, pirirani, ndikufotokozerani ngati muli m'Fomu 4.

Pansi pa mapuwo palembedwa kuti TROPOMI. Chimenecho ndi chipangizo chimene chili pa setilaiti yotchedwa Sentinel-5P, imene bungwe la European Space Agency linatumiza mumlengalenga mu Okutobala 2017. Imayenda pamtunda wa makilomita oposa 800, ndipo ikamadutsa imaona dera lotambalala makilomita 2,600, motero pa tsiku limodzi imakhala itasuzumira pafupifupi dziko lonse. Utsi siiununkhiza. Imayang'ana kuwala kwa dzuwa kumene kwamenya pansi n'kubwerera kumwamba. Mpweya uliwonse uli ndi mbali yake ya kuwalako imene umameza, ndiye akatswiri akaona mbali imene yasowa amadziwa kuti panjira panali nitrogen dioxide, sulphur dioxide, carbon monoxide kapena methane, komanso wochuluka bwanji.

Koma apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Chimene setilaiti yayeza ndi mpweya wonse umene uli pamwamba pa kadera ka makilomita 5.5 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, kuyambira pansi mpaka kumwamba. Sikuti yayeza zimene chumuni chikulavula. Kumbukirani mmene tinkaotchera njerwa za nyumba ya malume anu. Tsiku lopanda mphepo utsi unkaunjikana pamudzi mpaka nkhuku kuthawa, koma mwera ukakhala ukuwomba munthu sankadziwa n'komwe kuti uvuni wayaka, chonsecho nkhuni zake zomwezo. Ndiye akatswiri amatenga zinthu zina ziwiri: liwiro la mphepo pa ola limenelo, kuchokera kwa azanyengo, ndi nthawi imene mpweyawo umakhala usanathe. Nitrogen dioxide, amene amachokera ku utsi wa m'machumuni, sakhalitsa, pakangopita maola ochepa amakhala atasanduka zina. N'chifukwa chake pa mapu amaoneka wothithikana pa chumuni penipeni, n'kumazilala motsatira kumene mphepo ikulowera. Akadziwa kuti mzerewo wazilala pa mtunda wotani ndipo mphepo imathamanga bwanji, amawerengera chobwerera m'mbuyo mpaka kupeza makilogalamu amene akutuluka pa sekondi. Satengera tsiku limodzi. Amaphatikiza masiku ambiri, a mitambo n'kuwataya.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti chiwerengero chimenechi sichidalira pakamwa pa mwini fakitale. Kale njira yofala inali kufunsa kuti mwaotcha malasha matani angati, n'kuchulukitsa ndi nambala ya m'buku. Lero kuli mboni ina kumwambako, ndipo ziwerengero ziwirizi zikasemphana pamafunika wina afotokoze.

Kwanuko ntchitoyi imaphweka. Malo opangira magetsi pootcha malasha a Kendal, Duvha, Kusile, Matla ndi Kriel, kuphatikizapo fakitale ya Sasol ku Secunda, zonsezo zili m'chigawo chimodzi cha Mpumalanga, sizisuntha, zimayaka usana ndi usiku, ndipo nyengo yozizira kumwamba kumayera mbee. N'chifukwa chake chigawo chanucho chimatchulidwa pakati pa malo amene nitrogen dioxide amachuluka kwambiri padziko lapansi. Chipangizo chomwechi chinaonetsanso mpweyawu ukutsika ku China ndi kumpoto kwa Italy mu 2020 anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19.

Kwathu kuno ndiye nkhani ina. Tilibe machumuni oti n'kuwaloza. Tili ndi moto wa tchire woyatsidwa ndi anyamata osaka mbewa, zinyalala zootchedwa pososa m'minda, nzimbe zootchedwa zisanadulidwe ku Dwangwa, mauvuni a makala obisika m'mapiri, ndi mafuwa pakhomo lililonse. Mwezi uno ukaima pagombe, mapiri a ku Mozambique aja timawaona tsidya lija sakuoneka, kwangoti mbuu. Utsi woterewu setilaiti imauona makamaka ngati carbon monoxide, koma ameneyu amakhala milungu ingapo, mwina mpaka miyezi iwiri, asanathe. Ndiye amene ali pamwamba pa Nkhotakota lero akhoza kukhala kuti anachokera ku Mozambique kapena ku Zambia, ndipo wathu ali pamutu pa anthu ena. Kuti ugawe kuti uyu ndi wa uje, pamafunika kompyuta yotsatira mayendedwe a mphepo masiku ambiri m'mbuyo.

Pali zipangizo zina pa masetilaiti ena, MODIS ndi VIIRS, zimene zimaona kutentha kwa motowo, ndipo kuchokera pa ukali wake amayerekeza udzu ndi mitengo imene yapsa. Zimathandiza. Koma moto wathu wambiri ndi waung'ono, mulu wa mapesi woyatsidwa chakumadzulo n'kuzima ola lisanathe. TROPOMI imadutsa kamodzi, cha m'ma 1:30 masana, pamene moto wa phala la m'mawa unazima kale ndipo wa nsima ya usiku sunakolezedwe.

Nanga denga ingaliboole? Lowani m'khitchini ya amayi aliyense kuno nthawi ya madzulo. Udzu wa padenga wada bii ndi mwaye, nkhuni zaziwisi zikulira pamafuwa, mayi akuuzira moto maso ali misozi yokhayokha, mwana kumsana akutsokomola. Kapena pitani kwa amayi owamba nsomba ku Chia, amene amachezera pa utsi wa milamba. World Health Organization inati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse mu 2020, ndipo utsi umenewo pa mapu anuwo suonekapo. Choncho musamauze anzanu kumeneko kuti taonani kwathu ku Malawi mpweya wake ndi woyera. Kuti tidziwe zimene tikupuma kunoko pafunika zoyezera za pansi pompano, pamsika, pasukulu, ngakhale m'khitchini momwemo.

Ndikupempheni kanthu. Mundijambulire machumuni amene amaonekera kwanuko kawiri, m'mawa wina kopanda mphepo ndi tsiku lina kukuwomba, mutaima malo amodzimodzi. Ndikufuna ana a m'kalasi mwanga ayese okha kunena tsiku limene kunatuluka utsi wambiri, ndione angati agwe m'mbuna.

Mayi anu ndinawaona Lamlungu kutchalitchi, ali bwino, akuti malata aja anafika koma misomali inaperewera. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
Phiri