Kwa inu a banki yathu: onani zomwe tikutsala nazo musanadule

Akuluakulu a kubanki, ndalemba poyera pano chifukwa ku nthambi kwanu ankangondiuza kuti "ndi sisitemu". Malipiro anga amadzera kwa inu, choncho mukudziwa bwino zomwe zimalowa mwezi ukatha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge munthu wolandira K400,000 pamwezi m'chaka cha 2024. Kuyambira Epulo chaka chimenecho, K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho wa PAYE, koma K250,000 yotsalayo inkadulidwa 25 peresenti, yomwe ndi K62,500. Penshoni ya 5 peresenti n'kutenganso K20,000. Wangotsala ndi K317,500 asanalipire lendi, asanakwere minibasi. Msonkhowo sindikukuimbani nawo mlandu, ndi lamulo la dziko.

Vuto n'lakuti K317,500 imeneyo inali itafooka kale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, pomwe mu Meyi 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera mopitirira 30 peresenti. Ife tinazionera kumsika. Mafuta ophikira tinasiya kugula a botolo, n'kumagula oyeza m'timajumbo. Shuga wa paketi tinayamba kumugawa kuti afike pa 20 mwezi uliwonse. Abwana akakukweza pang'ono, gawo la zokwezazo limapita ku msonkho, zotsalazo sizifika n'komwe pomwe thumba la chimanga lafika.

Ndiye pa kandalama kotsalako ndi pamene inu mwaikapo dzanja. Ndalama yosungira akaunti mwezi ndi mwezi, ndalama yotapira pa ATM, ndalama ya uthenga wa pafoni, ngakhale kufunsa balansi, ndipo pamwamba pake pamabwera VAT. Wolandira mamiliyoni sazimva, koma mphunzitsi, namwino ndi mlonda amazimva m'mimba.

Chondiwawa kwambiri ndi ngongole. Ndinasayina pa chiwongoladzanja china, ndipo munawerengera pa pesilipi yanga kuti ndikwanitsa. Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, inunso munakweza chomwe mumandidula, popanda kalata, popanda foni. Ndinangoona ndalama yaperewera tsiku lolipira fizi ya mwana. Mwina zinalembedwa m'timalemba tating'ono ta fomu ija, koma kodi kumuuza munthu mwezi umodzi zisanachitike n'kovuta? Anzanga ena kuntchito athawira ku katapila chifukwa cha zomwezi.

Chonde, tichotsereni ndalama yosungira akaunti ife a malipiro ochepa. Chiwongoladzanja chikasintha, tiuzeni zisanayambe ndipo mutilole kutalikitsa nthawi yobweza m'malo mokweza chodula. Mundiyankhe pompano pomwe anzanga akuona, osati zondiitanira ku inbox.